Makolo, foni si agogo a mwana wanu

Ndiyankhule nanu inu amene muli ndi ana a sitandade 1 mpaka 4, ndipo musandikwiyire, poti imvi izi sindinazigule pamsika.

Sabata yatha kunabwera mdzukulu wanga wina wa zaka 8. Mayi ake ali kunyadira: "Agogo, ameneyu amawerenga ngati wailesi." Ndinamupatsa pepala la nthano ya Fisi uja anamva fungo la nyama kunjira ziwiri, mwendo wina kuno, wina uko, mpaka kung'ambika pamphambano. Mwana anawerengadi bwino, osaphunthwa ngakhale pamodzi. Ndiye ndinafunsa kuti, "Nanga Fisiyu anang'ambikiranji?" Anayang'ana mayi ake, nayang'ana pepala, kenako anandibwerezera chiganizo chomaliza chija. Ndinati, "Iweyo ukanakhala Fisi ukanatani?" Yankho lake: "Zimenezo sitinaphunzire." Apo n'kuti dzanja latambasuka kale, likufuna foni ya mayi ake.

Ana anga, kutchula mawu si kumva nkhani. Chinkhwe nachonso chimatchula mawu.

Musathamangire kunyoza aphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi anasefukira, ndipo m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amakumana ndi ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016, mabuku a Chichewa ndi Chingerezi anafika, ana akuphunzira malembo ndi maphatikizo. Zabwino zimenezo. Koma mphunzitsi ameneyo angafunse liti mwana aliyense payekha kuti "chifukwa chiyani"? Funso limeneli kwawo n'kunyumba, ndipo kunyumbako ndi kumene mwalithamangitsa.

Ife tinalibe mabuku, koma tinali ndi moto ndi agogo. Akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," ndipo "tili tonse" ameneyo sanali wongokometsera. Ukasinza n'kuphonya kuyankha, aliyense ankadziwa kuti wasochera. Tengani nthano ya chitsime ija. Chilala chagwa, nyama zonse zikumba, Kalulu wakana. Madzi atatuluka iye akubwera ndi uchi, kunyengerera mlonda kuti alawe, koma ayambe wamumanga. Mlonda woyamba wamangidwa, wachiwiri chimodzimodzi. Pamenepo agogo anga ankaima dala, n'kumasonkhezera moto ngati aiwala. Ife timayamba kukangana: wina akuti atumize Mkango, wina akuti Mkango nawonso ndi wadyera, apusitsidwa. Pofika poti Kamba wadzola ulimbo pamsana, tinali titayesa kale nzeru zathu zonse. Tinkaphunzira kusunga chiyambi cha nkhani m'mutu, kulosera zakutsogolo, kuona kuti wokoma pakamwa amabisa chiyani. Sitinkadziwa n'komwe kuti tikuphunzira. Ndagi nazo zinkatinola chimodzimodzi: "Ndagi!" "Gize!" ndiye uvutike wekha mpaka upeze.

Lero mwana akalira, foni. Mayi akuphika, foni. Bambo akuonera mpira, foni. Tizithunzi ta pa TikTok timatha mwana asanadzifunse kanthu, kena kabwera kale. Mutu wozolowera kudumphadumpha chotero ungakhazikike bwanji pa nkhani ya masamba atatu? Ndipo tsiku limene mwana wayerekeza kufunsa, mumamukalipira: "Khala chete, mafunso ngati wapolisi!" Mwamutseka pakamwa nokha, ndiye mawa mudzadabwe kuti waduu wachokera kuti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mumadzidzimuka mochedwa. Mwana akafika sitandade 8, mayeso a MANEB ali pakhomo, mpamene mumayamba kuthamanga ndi mapasipepa ndi aphunzitsi apadera. Pepala limamupatsa nkhani yomwe sanaionepo n'kumufunsa zimene wamva. Pamenepo kuloweza sikuthandiza. Ngakhale samu ya mawu imam'gwetsa mwana amene samva chimene funso likufuna. M'mera mpoyamba, akuluakulu sananame.

Musandiuze za ndalama. Ya bandulo imapezeka, ya kubetcha mpira imapezeka. Kabuku ka nthano kogula pa kaunjika wa mabuku n'kotsika mtengo kuposa zimenezo, ndipo amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, nyumba zowerengeramo mabuku za National Library Service zilipo, mumazidutsa tsiku ndi tsiku. Ngati zonsezo zakanika, pakamwa muli napo. Simbani nthano, imani pakati, funsani kuti chichitike n'chiyani. Akayankha zokhota musamuseke, mufunseni kuti waganiza choncho chifukwa chiyani. Inu amene muli ku Joni, foni yomweyo imene mumatumizira ndalama ingathenso kutumiza nthano ya mawu pa WhatsApp.

Mdzukulu uja ndinamugoneka kwathu Loweruka, foni ndinaitsekera m'kabati. Analira, anatopa, tinakhala pakhonde. Ndinamusimbira ya chitsime ija, ndipo nditafika pa Kamba anandidula: "Agogo, nanga alonda omangidwa aja bwanji sanawachenjeze anzawo za uchiwo?" Zaka zonsezi ine funso limenelo sindinaliganizepo. Ndinamuuza kuti mwina ankachita manyazi. Iye anakana, akuti ayi, ankafuna anzawonso amangidwe kuti asasekedwe okha. Tinatsutsana mpaka udzudzu unatilowetsa m'nyumba.