Viza yomangiriridwa kwa bwana mmodzi ndiyo ikuliza abale athu ku Mangalande

Abale anga, lero ndilemba motalikitsako, mundipirire. Kuyambira pa 22 Julaye 2025, boma la Britain linaleka kupereka viza yatsopano kwa anthu ochokera kunja ofuna ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ija timangoti ya care. Manesi ali ndi njira yawo, koma wa care amene ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Harare khomo limenelo lamutsekekera. Chonsecho m'magulu a WhatsApp mukuyendabe mauthenga a madobadoba akuti ali ndi CoS ya care (chikalata chochokera ku kampani yokulemba ntchito chimene umapemphera nacho viza), tumizani theka la ndalama, theka linalo mudzamalize mukatera. Ameneyo ndi wakuba, ngakhale akhale wa mpingo wanu kapena wa kumudzi kwanu. Musagulitse puloti, musakatenge katapila, musakhuthule banki m'khonde ya amayi anu chifukwa cha pepala limene silingakukwezeni ndege.

Kutseka khomoko pakokha ine sindikudandaula nako kwenikweni. Dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha woti alowe. Ifenso kuno mlendo wofuna kugwira ntchito timamufunsa pemiti ya ku Immigration, ndipo timakwiya tikamva kuti wina akugwira ntchito imene mwana wathu akanatha. Chikundiwawa ine ndi zimene zikuchitikira anthu amene ali kale mkati, amene anaitanidwa ndi boma lomwelo, nalowa mwalamulo, nalipira zonse zimene anauzidwa.

Tikumbutsane mmene zinayambira. Britain atatuluka mu European Union, kenako Covid itadutsa, nyumba zosamalira okalamba zinasowa antchito koopsa. Mu Febuluwale 2022 boma linaika ntchito ya care pa mndandanda wa ntchito zopezera viza. Anthu anakhamukira kumeneko kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe, Ghana, ndipo Amalawi ndi a ku Zambia sanatsalire. Aphunzitsi anasiya choko, a m'mabanki anasiya matebulo awo. Pangano linali lomveka bwino: bwera, ubwere ndi mkazi kapena mwamuna wako ndi ana, ugwire ntchito zaka zisanu, ukatero upemphe chilolezo chokhaliratu, chija amati ILR.

Koma m'panganomo munali mfundo imodzi imene ambiri sanaione kulemera kwake ali kuno. Viza imeneyi mwini wake weniweni si iwe. Kampani ndiyo imakhala ndi laisensi yochokera ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dzikomo, kampaniyo ndiyo imakupatsa CoS, ndipo viza yako imaima pa CoS imeneyo. Bwana akakuchotsa ntchito, kapena boma likamulanda laisensi, viza yako amaifupikitsa, nthawi zambiri n'kukusiyira masiku 60 oti upeze sponsa wina, kutanthauza kampani ina yokupatsa CoS. Ukalephera, uzipita. Ndipo pa masiku amenewo ulibe ufulu wolandira thandizo la ndalama la boma, pomwe mwini nyumba lendi akuifunabe.

Msuweni wanga ali m'tauni ina kumpoto kwa England, ndipo zimene ndikunenazi ndinazimvera pa foni usiku ndi usiku. Iye ankagwira care yoyendera anthu m'makomo mwawo. Ankadzuka kusanache, kukanda madzi oundana pa galasi la galimoto imene anagula pa ngongole, chifukwa popanda galimoto shifiti sakupatsa. Akafika pa nyumba yoyamba, amatsegula kabokosi ka kiyi ndi nambala, kulowa, kudzutsa agogo, kuwanyamula ndi makina kuwachotsa pa bedi, kuwasambitsa, kuwasintha thewera, kuwamwetsa mankhwala, kuwapangira tiyi, kulemba zonse pa foni, ndiye zonsezo mu theka la ola. Kenako liwiro kupita nyumba ina. Nthawi ya pamsewu kampani imeneyo sinkawerengera. Ndondomeko ya shifiti ya mawa inkabwera pa foni usiku iye atagona kale. Pa kontirakiti analemba maola okwanira sabata yonse, koma masabata ena ankamupatsa ochepa moti akalipira chipinda ndi mafuta ankatsala ndi ya buledi yokha. Tsiku lina atafunsa za maola osowawo, womuyang'anira anangomuuza kuti akumbukire amene anamubweretsa m'dzikomo. Msuweni wanga, munthu amene kuno ankayankha aliyense mosaopa, anapepesa. Patapita miyezi kampaniyo inalandidwa laisensi chifukwa cha chinyengo chake, ndipo amene analandira kalata yowerengera masiku anali iyeyo.

Si nkhani ya munthu mmodzi iyi. Boma la Britain lenilenilo linalengeza mu Malichi 2025 kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'gawo la care, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Taganizani, malaisensi amenewo anawapereka ndani? Ndi Home Office yomweyo, kwa timakampani tina timene tinalibe n'komwe okalamba okwanira oti tiwasamalire. Ena mwa eni timakampanito anagulitsa ma CoS pa mapaundi masauzandemasauzande, pomwe lamulo la kumeneko limaletsa kulipiritsa munthu kuti umupezere ntchito. Chinyengo chitaululika, wolakwa anangotseka ofesi, wolakwiridwa n'kuyamba kugona pa mpando kwa mnzake. Mu Epulo 2025 boma linalamula kuti makampani a ku England ayambe ayang'ana pakati pa antchito osowa sponsa amenewa asanaitane ena. Chinali chinthu chabwino ndithu, koma chinafika anthu atalira kale.

Ndiyeno malamulo akhala akusintha mosalekeza, ndipo kusintha kulikonse kukumangitsa chingwe chomwechi. Pa 11 Malichi 2024 analetsa a care atsopano kubwera ndi mabanja awo. Pali amayi amene anasiya ana kwa agogo awo ku Ndirande kapena ku Mzimba, ndipo ana amenewo akukula akuwaona mayi awo pa vidiyo kolo basi. Mu Epulo 2024 malipiro ochepetsetsa oti munthu apezere viza ya ntchito zina zaluso anakwera kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pachaka, ndipo mu Julaye 2025 anafika pa 41,700, komanso ntchito zambiri zosafuna digiri zinachotsedwa pa mndandanda. Tanthauzo lake kwa wa care n'lakuti njira yotulukira m'care kupita ntchito ina yatsala pang'ono kutsekekeratu. Amene ali mkati auzidwa kuti atha kuwonjezera viza kapena kusintha kampani mpaka 2028, koma boma linanenanso kuti zimenezi lizizionanso nthawi ndi nthawi. Munthu angakonze bwanji moyo wake, sukulu ya ana, ngongole ya nyumba, pa lonjezo lotere?

Chachikulu kwambiri n'cha zaka zija zisanu. Mu Meyi 2025 boma la a Keir Starmer linatulutsa ndondomeko yofuna kuti nthawi yodikira ILR ikhale zaka khumi. Mu Novembala chaka chomwecho nduna yoona za m'dziko, a Shabana Mahmood, inabweretsa maganizo akuti antchito a malipiro ochepa monga a care adikire zaka 15, ndipo maganizowo anali okhudzanso amene ali kale m'dzikomo koma sanalandirebe ILR. Kwa amene sanakhalepo pa viza yotere, ILR imamveka ngati pepala chabe. Koma tsiku lolandira ILR ndi tsiku limene munthu amatha kuuza bwana wankhanza kuti ndasiya, popanda kuopa ndege. Kuwonjezera zaka ndi kuwonjezera nthawi imene munthu wamkulu, mayi wa ana, azipepesa pamene walakwiridwa. Kumudzi ukapangana ndi waganyu kuti alime mpaka pa mtengo wa mango, ndiye atatsala mizere itatu iwe n'kumuuza kuti malire asunthira kudambo koma malipiro ndi omwewo, ngakhale a mfumu sangakuikire kumbuyo.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu. Walira mvula walira matope, anapita okha, ngati zavuta abwerere kwawo. Ndikumva, ndipo n'zoona kuti palibe anawagwira pakhosi. Koma abwerere ku chiyani? Ntchito anasiya, puloti anagulitsa, ngongole ya tikiti ndi ya dobadoba sinathe. Komanso tisaiwale kuti matope amene analirira ndi a ntchito yolemetsa, kuzizira, kusowa nsima ya mgaiwa ndi kutalikirana ndi maliro a abale. Amenewo anawavomera, ndipo akuwaponda osadandaula. Kubedwa maola ndi kusinthiridwa pangano pakatikati sizinali m'gulu la zimene anavomera. Anthu amenewa akulipira msonkho mwezi uliwonse, ndipo akusamalira makolo a eni dziko pa nthawi imene eni dzikowo sakupezeka okwanira pa ntchitoyo.

Ndipo chingwe chimenechi sichili ku Mangalande kokha. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Mu Meyi 2024 tinamva kuti Amalawi 12 abwezedwa chifukwa anachoka m'mindamo n'kukapezeka akugwira ntchito kumalo ophikira buledi. Kuno ambiri tinawanyoza kuti achititsa manyazi dziko. Ochepa okha anafunsa chimene chinawachotsa kumundako. Atsikana athu amene BBC inaulula nkhani yawo mu 2024, ozunzidwa m'nyumba za ku Oman, anagwidwa ndi dongosolo lotchedwa kafala, limene limaikanso wantchito m'manja mwa bwana mmodzi. Mazunzo a ku Oman ndi oopsa kuposa a ku England, sindikuwayerekeza, koma muzu wake ndi womwewo: chilolezo chokhala m'dziko chili m'thumba la munthu amene amakulipira.

Ife Amalawi nkhani imeneyi tinayenera kuidziwa kuposa wina aliyense. Agogo athu anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito za m'migodi, ena ku Halale, ena n'kukhala matchona. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu a m'migodi a ku Malawi oposa 70, a Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa ku migodi ndipo anthu masauzande ambiri anabwerera. Mpaka lero madala amene anakumba golide akuyendabe m'maofesi ndi timapepala tong'ambika kufunsa za ndalama zawo. Zaka zonsezi tikutumizabe ana athu kunja, koma luso lowateteza akafika sitinaliphunzire.

Apa ndiye ndilankhule ndi a kwathu. Boma lathu limakondwa ndi ndalama zakunja zimene anthuwa amatumiza, makamaka masiku ano pamene madola akusowa mpaka mafuta kuvuta. Ngati ndalamazo tikuzifuna, eni ake tiwafunenso. Unduna wa za ntchito uzilengeza pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti njira yakuti yatsekedwa, kampani yakuti ilibe chilolezo chotumiza anthu kunja. Madobadoba ogulitsa ma CoS abodza azigwidwa ngati mbava zina zonse. Ofesi ya kazembe wathu ku London ikhale malo oti munthu amene walandira kalata ya masiku 60 angaimbeko foni n'kulozeredwa kwa omuthandiza. Ndipo pokambirana mapangano otumiza antchito ku dziko lililonse, funso loyamba likhale lakuti: mwana wathuyu bwana akamuzunza, ali ndi ufulu wopita kwa bwana wina osataya viza?

Ku Britain komweko, bungwe la antchito la UNISON lakhala likupempha kuti viza ya care imangidwe pa gawo lonse la care m'malo mwa kampani imodzi, kuti munthu azitha kusintha ntchito momasuka. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Zimenezi siziwonjezera mlendo ndi mmodzi yemwe m'dzikomo, zimangochotsa chikwapu m'manja mwa bwana woipa. Abale amene muli kumeneko, lowani m'mabungwe a antchito, sungani ma payslip anu ndi mauthenga onse a shifiti, ndipo musapereke pasipoti yanu kwa bwana aliyense kuti akusungireni.

Ifenso otsala kumudzi tichepetseko. Munthu akangotera ku Heathrow timayamba kumuwerengera mapaundi mu makwacha, fizi ya uyu, feteleza wa uyo, malata a nyumba ya amalume. Msuweni wanga uja miyezi yovuta yonse ija ankatumizabe ndalama, chifukwa ankaopa kuti akanena zoona anthu amuseka kuti walephera Ulaya. Anadzapeza sponsa wina masiku atatsala ochepa, koma si onse amene amapeza. Mukamuimbira m'bale wanu sabata ino, mufunseni ngati akupatsidwa maola okwanira, ngati kampani yake ikadali pa mndandanda wa masponsa ovomerezeka umene uli pa webusaiti ya gov.uk, ndiponso kuti viza yake ikutha liti. Amene mwakumana ndi zoterezi ndipo mukuopa kulemba poyera, ndilembereni ku inbox, dzina lanu silituluka.