Tizijambulanso nyumba, mitengo ndi agalu a kwathu

Pali anthu ena m'matauni mwathu muno amene amalawirira m'mamawa, kutenga kamera kapena foni, n'kumayenda m'misewu kujambula zinthu zimene enafe timangozidutsa: khonde la sitolo yakale ku Limbe, mtengo umene wayamba kuyoyola masamba, galu atadzipinda pa mulu wa mchenga. Ambiri akawaona amati alibe chochita. Ena amawakayikira kuti atumidwa. Ine ndili kumbali yawo, ndipo nanenso ndimayenda nawo ulendo womwewo. Ndikuona kuti ntchito imene akugwirayi ndi yofunika kwambiri kuposa mmene timaiganizira.

Tatsegulani alubamu ya pakhomo panu, abale anga. Mupezamo ukwati, chinkhoswe, tsiku lomaliza maphunziro, mwana atavala zatsopano pa Khirisimasi. Onse aima chilili, maso ali pa kamera. Kale zimenezi zinali zomveka. Wojambula ankabwera pa njinga, filimu inkatha ndi zithunzi 24 kapena 36, munthu unkalipira chithunzi chilichonse n'kudikira masabata kuti akachitsuke. Ndani akanataya ndalama kujambula nkhokwe? Koma lero foni ya Itel kapena Tecno imene ili m'thumba mwanu ikhoza kujambula tsiku lonse osalipira kanthu, komabe timangodzijambula tokha nkhope, kumbuyo kuli chipupa chopanda kanthu. Malo amene tikukhalamo sakulowa m'zithunzi zathu.

Mukafuna kuona mmene Blantyre kapena Zomba ankaonekera kalekale, mumapita ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, kapena ku National Archives ku Zomba. Zithunzi zambiri zakale kwambiri anajambula ndi amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Tiwathokoze kuti anasunga, koma iwo ankajambula zimene zinkawakhudza iwowo. Tayesani kufunafuna chithunzi cha msika wa kwanu, kapena cha mzere wa nyumba umene agogo anu ankachita lendi atangofika m'tauni, muone mmene zimavutira kuchipeza. Zimenezo zinatha popanda woziika pa pepala. Lero kamera ili m'manja mwathu, ndiye tikapanda kujambula sitidzaloza munthu chala.

Ndiyambe ndi nyumba, chifukwa ndi zimene zimandigwira mtima kwambiri. Aliyense wa ku Blantyre amachidziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya CCAP. Ambiri anajambulitsapo ukwati kutsogolo kwake. Koma ndi angati anayamba aima pafupi n'kuyang'anitsitsa njerwa zake? Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene ankatsogolera, mbusa David Clement Scott, sanaphunzire za zomangamanga, ndipo amene anagwira ntchitoyo ndi anthu a kuno, njerwa akuumba ndi kuwotcha pomwepo. Njerwazo si za mtundu umodzi. Zina n'zopindika, zina n'zosongoka, zina anaziumba kuti zikaikidwa pamodzi zipange maluwa ndi mizere pa chipupa. Mukapita masana dzuwa lili paliwombo zonsezi zimabisika, chipupa chimangooneka chofiira basi. Pitani cha m'ma 6 koloko m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kuwala kukubwera cham'mbali, mudzaona njerwa iliyonse ili ndi mthunzi wakewake. Pamenepo m'pamene munthu umazindikira kuti manja amene anaumba zimenezi anali aluso, ngakhale mayina a ambiri a iwo sitiwamva akutchulidwa. Chithunzi chapafupi cha chipupa chimenecho ndi ulemu umene tingawapatse.

Mandala House nayo, imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ikadalipo ndi khonde lake lozungulira, lapansi ndi lapamwamba. Ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko mpaka 1975, nyumba zakale za boma zili mbwee m'munsi mwa phiri, zina zosamalidwa, zina malata achita dzimbiri ndipo mitengo yamera m'ming'alu. Zimenezi n'zodziwika, alendo amazijambula, ndipo malamulo oteteza zinthu zakale amazifikako.

Nkhawa yanga ili pa zimene palibe lamulo lozisunga. Masitolo a amwenye ku Limbe okhala ndi chaka cholembedwa pamwamba pa khomo. Nyumba za ogwira ntchito ku njanji. Magolosale a m'mbali mwa msewu amene mayina ake analembedwa ndi burashi, pamodzi ndi chithunzi cha buledi kapena cha mutu wometedwa bwino, zimene tsopano zikulowedwa m'malo ndi zikwangwani zosindikiza pa kompyuta. Kumudzi, nyumba yofolera ndi udzu, yozira bwino, amayi atakongoletsa m'munsi mwa chipupa ndi dothi lakuda ndi loyera. Nkhokwe, imene m'midzi yambiri ikusowa chifukwa anthu akuika chimanga m'matumba n'kusunga m'nyumba poopa akuba. Sindikunena kuti anthu asamange za malata. Aliyense amafuna denga losadontha, ndipo n'zoyenera. Ndikungoti tisanagwetse, tijambule. Ngakhale njerwa yowotcha imene tinaizolowera ili ndi nthawi yake: kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga analetsa kuigwiritsa ntchito pa nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mabuloko a simenti akufalikira. Ana athu adzakula m'matauni otuwa, osadziwa kuti anali ofiira.

Ndipo sikuti zinthu zimatha pang'onopang'ono nthawi zonse. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope n'kukokolola nyumba ku Chilobwe usiku umodzi. Mabanja anataya abale, anatayanso malo amene anakuliramo. Amene anali ndi chithunzi cha kanjira ka kwawo kapena cha pakhomo pawo ali ndi chooneka choti adzaonetse ana. Chithunzi chotero pa tsiku lojambula chimaoneka chachabechabe.

Tsopano za nyengo. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, abale athu a ku Britain amadzaza Facebook ndi masamba ofiira ndi achikasu a m'mapaki a kumeneko, ife n'kumayamikira kuti kunja n'kokongola. N'kokongoladi, sindikutsutsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti timaganiza kuti kwathu kulibe zoterozo, ngati kuti chaka chathu chili ndi mitundu iwiri yokha, kubiriwira kwa dzinja ndi fumbi la chilimwe. Amene amanena zimenezi sanayendepo ndi maso otsegula nthawi ya masika. Mvula ikangosiya mu Epulo ndi Meyi, mpweya umakhala woyera chifukwa fumbi silinadzuke ndipo tchire silinayambe kupsa. Mapiri akutali amaoneka ngati ungawakhudze. Udzu umasanduka wagolide, chimanga chimauma chili chiimire, mikukwe imaima m'minda, maungu ali mbwerekete pansi, ndipo deliya amachita maluwa achikasu m'mbali mwa misewu yonse. Kwa wojambula, imeneyi ndiyo miyezi yabwino kuposa ina yonse pa chaka. Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni, nkhungu imaphimba Thyolo ndi Mulanje, minda ya tiyi imaonekera mwa apo ndi apo, ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa.

Kenako pamabwera chimene ine ndimachikonda koposa. Chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanagwe n'dontho lomwe, mitengo ya m'nkhalango zathu zachilengedwe monga mombo, tsamba ndi mchenga imatulutsa masamba atsopano. Masambawo sabadwa obiriwira. Amayamba ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, ena otuwira ku pinki, ndipo pakapita masabata ochepa m'pamene amabiriwira. Kumaiko ozizira masamba amafiira akamafa. Athuwa amafiira akamabadwa, pakati pa chilala, mtengo ukukoka madzi ndi chakudya chimene unasunga m'mizu. Phiri lonse limasintha mtundu. Kumene nkhalango zoterezi zatsala, monga ku Dzalanyama, ku Michiru kapena m'mapiri otsetserekera kunyanja, munthu ukhoza kuima ola lathunthu osatopa. Koma zikuchepa chaka ndi chaka chifukwa mitengo yomweyi ndi imene imatuluka makala abwino. Akuluakulu amene anakulira ku Ndirande amakumbukira phiri lawo lili ndi mitengo. Tayang'anani lero. Chithunzi cha phiri chojambulidwa pa malo amodzimodzi chaka chilichonse chimanena zoona zimene palibe angazikane pa msonkhano.

M'tauni, nthawi yomweyo jakaranda amachita maluwa ake a mtundu wa pepo n'kuwayala pa msewu. Mtengowu si wakuno, unachokera ku South America, koma wakhala nafe nthawi yaitali moti ambirife tikauona timadziwa kuti kutentha kwafika. Kumadera otsika kuli nsangu, umene umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphuka m'chilimwe, n'chifukwa chake alimi amausiya m'munda. Mlambe umaima wopanda tsamba miyezi yambiri. Dzuwa la Okutobala, chifukwa cha utsi ndi fumbi, limalowa lili lofiira psuu, loti ukhoza kuliyang'ana ndi maso. Zonsezi n'zathu, ndipo n'zaulere.

Za agalu ndi amphaka ndikudziwa kuti ena museka. Kwathu kuno galu ndi mlonda, mphaka ndi wogwira makoswe, ndipo ena mphaka amamuganizira za ufiti n'kumamugenda popanda chifukwa. Anthu akafuna kujambula galu amafuna wachizungu, waubweya wambiri. Ine ndimakonda galu wathu wamba, wofiirira, wa makutu oima ndi mchira wopindika, amene amaperekeza mwini wake kumunda n'kugona pansi pa ngolo. Kuti umujambule bwino uyenera kugwada kuti maso ako alingane ndi ake, n'kudikira kuti akuzolowere. Ndaona kuti munthu ukamuonetsa chithunzi chabwino cha galu wake, amamuyang'ananso galuyo mwatsopano. Amayamba kukuuza dzina lake, chifukwa chimene anamutchulira dzinalo (nthawi zina ndi uthenga wopita kwa oyandikana nawo), ndi tsiku limene anathamangitsa akuba. Nyama imene munthu wayamba kunyadira amaipatsa chakudya ndi madzi, ndipo amapita nayo kukabayitsa katemera. Imeneyi si nkhani yaing'ono m'dziko limene chiwewe chapha ana ambiri. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu masauzande ambiri mu Blantyre, ndipo aliyense amene anaonapo mzere wa anyamata atagwira agalu awo pa zingwe kudikira jakisoni akudziwa kuti chikondi pa nyamazi chilipo, kungoti sitichionetsa. Komabe chenjerani: galu wosamudziwa musamuyandikire mwini wake palibe, ndipo amene ali ndi ana mutalikireni.

Pali ulemu wake pa ntchito imeneyi, ndipo amene amaunyalanyaza ndi amene amatiipitsira mbiri tonse. Nyumba ili ndi eni ake. Odi kaye, perekani moni, fotokozani chimene mwakonda pa nyumbayo. Mukanena kuti "Amayi, mwazira bwino pakhomo pano, ndingajambule?" kawirikawiri amakulolani, mwinanso kukupatsani mpando. Akakana, thokozani n'kumapita. Ana a eni musawaike pa intaneti makolo asanavomere. Musajambule umphawi wa munthu kuti anthu akuyamikireni. Malo a asilikali, a apolisi ndi nyumba za boma zotetezedwa, ingodutsani foni ili m'thumba. Ndipo ngati n'kotheka, bwererani ndi chithunzi chotsuka mukawapatse eni ake, chifukwa ambiri ojambula amalonjeza koma sabweranso.

Kamera yodula si imene ikufunika poyamba. Pukutani galasi la foni ndi nsalu yofewa, tulukani m'mawa kapena madzulo, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena cham'mbali, ndipo m'malo mokokera chithunzi pafupi ndi zala, yendani ndi miyendo mufike pafupi. Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti muzilemba malo ndi tsiku. Chithunzi cha sitolo chopanda dzina la msewu ndi chaka chimakhala chokongola chabe, koma chikalembedwa kuti Limbe, msewu wakutiwakuti, Meyi chaka chakuti, chimasanduka umboni. Musadalirenso Facebook kapena WhatsApp kukusungirani, chifukwa zimachepetsa ubwino wa chithunzi, ndipo foni ikabedwa kapena akaunti ikatsekedwa zonse zapita. Sungani pa memori khadi kapena pa kompyuta, ndipo zimene mwazikonda kwambiri katsukitseni ku situdiyo, mulembe kumbuyo kwake ndi bolopeni monga ankachitira makolo athu.

Amene muli ku Mzuzu, ku Mangochi, ku Chipata, ku Tete kapena kumudzi kwenikweni, yambani ndi msewu umene mumadutsa popita kuntchito kapena kumsika. Sankhani nyumba imodzi, mtengo umodzi, phiri limodzi, muzijambule nyengo iliyonse mutaima pamalo amodzimodzi. Mukajambula onetsani anzanu aone, ndipo munene kuti ndi kuti.