Chikho chimodzi pa zaka 38: maganizo anga pa ntchito ya Mayi Carol Hutchins

Mnzanga wina amene timakonda kutsutsana pa nkhani za masewero anandifunsa posachedwa chifukwa chimene ndimatchulira dzina la Mayi Carol Hutchins mwaulemu chotere, chikhalirecho pa zaka 38 zimene anaphunzitsa timu ya softball ya atsikana ya Yunivesite ya Michigan anatenga chikho cha dziko lonse la America kamodzi kokha. Anandiwerengera pa zala kuti Bambo Mike Candrea a ku Arizona anatenga zikho 8, Mayi Patty Gasso a ku Oklahoma nawonso anafika pa zikho 8, ndipo anamaliza ndi kunena kuti kukhalitsa pa mpando sikusonyeza luso, chifukwa ena amakhalitsa kamba koti palibe amene walimba mtima kuwachotsa. Tsiku limenelo sindinamuyankhe mokwanira, choncho ndikufuna kuyankha pano, ndipo ndivomere poyamba kuti mfundo yake yomalizayo ndi yoona pa anthu ambiri, koma pa mayi amenewa siikugwira.

Kwa amene simunaonerepo softball, ndi masewero apachibale ndi baseball, ndipo anayambira mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1887. Woponya mpira amazunguza mkono n'kuutulutsira mpirawo m'munsi, cha pafupi ndi ntchafu, ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 13 kuchokera kwa womenya, kotero kuti womenyayo sakhala ndi nthawi yoganiza kawiri. Akaumenya amathamanga kuponda ngodya zitatu za bwalo n'kubwerera pamene anayambira, ndipo akatero timu yake yapeza pointi. Masewero amakhala ndi zigawo zisanu ndi ziwiri, koma matimu akafanana mphamvu zigawo zimawonjezedwa mpaka wina atapambana. Chofunika kwambiri pa nkhani yangayi n'chakuti m'mayunivesite a ku America nyengo ya softball imayamba mwezi wa February n'kutha kumayambiriro kwa June.

Mwezi wa February ku Arizona ndi ku California kumakhala kofunda, udzu wa pabwalo uli wobiriwira, ndipo atsikana amakonzekera panja chaka chonse. Mwezi womwewo ku Ann Arbor, kumene kuli Yunivesite ya Michigan, bwalo limakhala litakwiririka ndi chipale chofewa, nthaka itauma gwa ndi kuzizira. Timu ya kumeneko imakonzekera m'nyumba, kenaka masabata oyambirira a nyengo imathera pa ulendo, kukasewera pa mabwalo a eni ake kummwera ndi kumadzulo, atsikana akuwerenga za m'kalasi ali m'ndege ndi m'mahotela. Ichi ndicho chifukwa chake kuyambira m'chaka cha 1982, pamene NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, linayamba kuyendetsa mpikisano wa chikho cha softball, mpaka m'chaka cha 2004, chikhocho chinkangozungulira matimu a kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi, makamaka UCLA (yunivesite ya ku Los Angeles, ku California) ndi Arizona. Mtsikana waluso amene anakulira kotentha analibe chifukwa chosiyira dzuwa n'kupita kukaponya mpira ndi zala zachisanu. Amene akuyerekeza zikho za Mayi Hutchins ndi za Bambo Candrea osatchula za nyengo akufanana ndi munthu woyerekeza zokolola za mlimi wa kudimba ndi za mlimi wodalira mvula kudera la chilala.

Ndinapitako kamodzi ku bwalo lawo kumayambiriro kwa mwezi wa April, ndipo chimene ndimakumbukira si zotsatira za masewerowo ayi. Anthu oonerera tinali titafunda mabulangete, ena atagwira makapu a khofi ndi manja awiri kuti zala zithukuke, ndipo woponya mpira ankapumira mpweya m'dzanja lake asanaponye. Mayi Hutchins anali ataima pambali pa ngodya yachitatu, pamene mphunzitsi amaima timu yake ikamamenya, maso ali pa wothamanga, mkono uli chire kumuuza kuti adutse kapena aime. Panthawiyo anali kale munthu wotchuka amene dzina lake linali m'mabuku a mbiri ya masewerowa, koma ankagwira ntchitoyo ngati munthu amene wangolembedwa kumene ndipo akufuna kuonetsa kuti akuyenera. Anthu kumeneko amangowatchula kuti Hutch, ndipo chiphunzitso chawo chodziwika chinali chakuti wosewera aike mtima pa mpira umodzi umene ukuponyedwa panthawiyo, asadandaule za umene waphonya kapena kuda nkhawa ndi umene ukubwera.

Mbiri yawo ndi iyi. Anabadwira mumzinda wa Lansing m'chaka cha 1957, ndipo anaphunzira pa Yunivesite ya Michigan State, imene ndi mmodzi mwa adani akuluakulu a Michigan pa masewero. Kumeneko ankasewera softball ndi basketball, ndipo anali m'timu ya softball imene inatenga chikho cha dziko lonse m'chaka cha 1976, pamene masewero a atsikana ankayendetsedwa ndi bungwe la AIAW. Anaphunzitsa chaka chimodzi ku yunivesite ya Ferris State mu 1982, anabwera ku Michigan ngati wothandizira mu 1983, ndipo anakhala mphunzitsi wamkulu mu 1985. Chikho choyamba cha Big Ten, ligi ya mayunivesite imene Michigan imaseweramo, chinabwera mu 1992, ndipo ulendo woyamba wopita ku ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse ku Oklahoma City unali mu 1995, atagwira kale ntchito zaka khumi. Ndikufuna owerenga aone kutalika kwa zaka zimenezi, chifukwa m'malo ambiri mphunzitsi amene sanabweretse chikho m'zaka zitatu amakhala atapakira kale katundu wake. Akuluakulu a yunivesite anadekha, ndipo mayiwa sanawachititse manyazi, chifukwa pa zaka zonse 38 panalibe nyengo ngakhale imodzi imene timu yawo inagonja masewero ochuluka kuposa amene inapambana.

Chaka cha 2005 ndicho chimene ndimafuna mnzanga uja achimvetse. Michigan inapambana masewero 65 n'kugonja 7 okha, ndipo pa ndime yotsiriza inakumana ndi UCLA, imene inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, mu 2003 ndi mu 2004. Chimenecho chinali chaka choyamba chimene akatswiri ankapezeka posewera masewero atatu, wopambana awiri n'kutenga chikho. Michigan inagonja oyamba osapeza pointi ngakhale imodzi, inabweza achiwiri, ndipo achitatu anapitirira zigawo zisanu ndi ziwiri mpaka kufika chigawo cha 10, woponya mpira wa Michigan, Jennie Ritter, akuponyabe osatopa. Pamenepo Samantha Findlay, mtsikana wa chaka choyamba pa yunivesite, anamenya mpira umene unadumpha mpanda anzake awiri ali pa ngodya, zimene zinapatsa Michigan mapointi atatu nthawi imodzi, ndipo masewero anathera 4 kwa 1. Michigan inakhala timu yoyamba ya kum'mawa kwa Mississippi kutenga chikho cha NCAA. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo mtunda umenewu unatenga zaka 21. Kuyambira tsiku limenelo palibe mphunzitsi wa kumalo ozizira amene akanauza osewera ake kuti chikho n'chosatheka chifukwa cha nyengo, ndipo palibe kholo limene likanauza mwana wake kuti kupita kumpoto n'kutaya luso. Patapita zaka khumi, mu 2015, timuyo inafikanso pa ndime yotsiriza wosewera wake Sierra Romero ali pachimake pa luso lake, koma inagonja kwa Florida pa masewero achitatu.

Koma pali chinthu china chimene kwa ine n'cholemera kuposa chikho, ndipo chinachitika mayiwa asanaphunzitsepo timu iliyonse. Mu 1972 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusiyanitsa ophunzira chifukwa chakuti ndi aamuna kapena aakazi. Lamulo linalipo pa pepala, koma zochitika zinali zina. Atsikana a basketball ku Michigan State ankapatsidwa ndalama ya chakudya yochepa poyerekeza ndi anyamata akakhala pa ulendo, ndipo ankagona ochuluka m'chipinda chimodzi cha hotela. Mu 1979 atsikanawo anakasuma ku khoti, ndipo dzina limene linatsogola pa mlanduwo linali la Hutchins, ali mtsikana wa zaka za m'ma 20 amene tsogolo lake lonse linali m'manja mwa anthu a masewero omwewo amene ankawatsutsa. Khoti linalamula kuti atsikanawo azisamalidwa mofanana ndi anyamata pa zinthu zimenezi. Ndikaganiza za nkhaniyi ndimaona kuti zimene ankamenyera zinali zazing'ono pozitchula, mbale ya chakudya ndi bedi, komatu ulemu wa munthu umaonekera pa zinthu zoterezi. Munthu amene anayamba moyo wake wa masewero motere sakanaphunzitsa atsikana kumenya mpira kokha, ndipo mpaka ukalamba wawo anapitiriza kulankhula poyera kuti amayi azipatsidwa mwayi wophunzitsa matimu a amayi anzawo.

Sindikunena kuti Bambo Candrea ndi Mayi Gasso ndi ochepa. Bambo Candrea anatsogolera timu ya dziko la America kukatenga mendulo ya golide pa masewero a Olympics ku Athens mu 2004, ndipo Mayi Gasso anatenga zikho zinayi zotsatizana kuyambira 2021 mpaka 2024, zimene palibe wina anachitapo pa softball ya NCAA. Tikamafunsa kuti ndani anatenga zikho zambiri, yankho ndi iwo, ndipo sindikangana. Funso langa ndi lina, lakuti ndani anamanga timu yolimba pamalo pamene chilengedwe chenicheni chinkakana, n'kuisunga pamwamba kwa mibadwo ingapo ya osewera. Pa yunivesite wosewera amakhala zaka zinayi n'kumapita, choncho mphunzitsi wa zaka 38 wayambanso ndi anthu atsopano maulendo ochuluka, ndipo mtsikana wa mu 2020 sakanaphunzitsidwa ndi njira zimene zinkagwira ntchito mu 1986. Pamene ankapuma mu August 2022, Mayi Hutchins anali atapambana masewero 1,707, kuposa mphunzitsi wina aliyense m'mbiri ya softball ya NCAA panthawiyo, anali atatenga ligi ya Big Ten maulendo 22, ndiponso atafika ku ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse maulendo 12. Munthu wongokakamira mpando sasiya ziwerengero zotere.

Chimene chimandisiyanitsira wokhalitsa wabwino ndi wokakamira ndi mmene amasiyira. Wokakamira amaopa omutsatira, amaonetsetsa kuti pansi pake pasamere mtengo wina, ndipo akachoka zonse zimagwa. Mayi Hutchins anasiyira timu Mayi Bonnie Tholl, amene anali wosewera wawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo anagwira nawo ntchito ngati wothandizira kwa zaka pafupifupi 30. Nyengo yoyamba ya Mayi Tholl, ya 2023, inali yowawa, chifukwa timu inalephera kulowa mumpikisano wa NCAA, chinthu chimene otsatira timuyi anali ataiwala kuti chimachitika. Chaka chomwecho bwalo la timuyi linapatsidwa dzina la Carol Hutchins, ndipo ndikukhulupirira kuti kusewera pansi pa dzina limenelo zinthu zisakuyenda unali mtolo wolemera kwa mphunzitsi watsopanoyo. Yunivesite sinamuchotse. Mu 2024 atsikana a Mayi Tholl anatenga chikho cha mpikisano wa Big Ten n'kubwerera mumpikisano wa dziko lonse.