Msilikali akapita kunkhondo, banja lake limatsala ndi ife

Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukafika, Amalawi timakumbukira asilikali. Mtsogoleri wa dziko amagula duwa lofiira la popi potsegulira sabata yosonkhetsa ndalama zothandizira asilikali akale, ndipo Lamulungu lachiwiri la mweziwo akuluakulu amakaika nkhata pa zipilala za chikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, lipenga n'kulira, anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri. Mwambowu ndi wabwino ndipo sindikuupeputsa. Chimene chikundivuta n'chakuti ambirife ulemu wathu kwa msilikali umayambira pamenepo n'kutheranso pomwepo, chonsecho banja la msilikali limakhala ndi zosowa chaka chonse, ndipo zambiri mwa zosowazo n'zoti munthu wamba ngati ine ndi inu akhoza kuthandizapo popanda kudikira kuti wina amutume.

Tisaganize kuti nkhani ya nkhondo ndi ya makedzana chifukwa chakuti dziko lathu lili pa mtendere. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo pansi pa bungwe la United Nations, m'gulu limene linapatsidwa mphamvu yothira nkhondo zigawenga pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi ku South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni pomenyana ndi zigawenga za ADF, ndipo mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anali atavulala. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera, ku New York. Mu Januwale 2025 tinatayanso asilikali 3 a m'gulu lotumizidwa ndi SADC, pa nthawi imene gulu la zigawenga la M23 linkalanda mzinda wa Goma ndi madera ozungulira. Kwathu konkuno, amene anali ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 akukumbukira kuti namondwe wa Freddy atagumula mapiri, asilikali anali pakati pa anthu amene ankafukula matope ndi kuwolotsa anthu pa mitsinje yosefukira. Aliyense mwa amenewa anasiya wina kunyumba: mkazi kapena mwamuna, ana, makolo okalamba kumudzi amene feteleza wawo amachokera pa malipiro a mwana wawoyo, ngakhalenso ana a mlongo wake amene amawalipirira fizi.

Vutoli si la lero. Chakumapeto kwa 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, ndipo mwa zina anadandaula kuti amene amatengedwa kukafa kunkhondo ndi amphawi, omwe amasiya akazi ndi ana amasiye pa umphawi wadzaoneni. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo, koma zimene ananenazo zinachitikadi, pakuti anthu masauzande ambiri analowa usilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda), ochulukirapo anasenzetsedwa katundu pa ntchito ya mtengatenga, ndipo pa nkhondo yachiwiri ena anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Amene sanabwerere, ana awo analeredwa ndi mudzi chifukwa panalibenso wina. Papita zaka zoposa 110, koma funso lakuti wamasiye wa msilikali amasamalidwa ndi ndani silinayankhidwebe mokwanira.

Ndiyambe ndi nthawi imene msilikali ali moyo koma ali kutali. Banja limene limakhala mkati mwa Kamuzu Barracks, Cobbe Barracks, Moyale Barracks kapena ku Chilumba lili ndi pothawira, chifukwa oyandikana nawo akudziwa moyo umenewu, ndipo pali abusa a asilikali ndi akuluakulu ena oti n'kuwadandaulira. Amene ndimawaganizira kwambiri ndi mabanja ochita lendi m'makwalala athu ndi makolo a kumudzi, amene pakachitika kanthu ku Congo amamva ngati mmene timamvera tonse, kudzera pa wailesi, pa WhatsApp ndi pa Facebook, pomwe mphekesera imafika msanga kuposa uthenga wotsimikizika. Ntchito yoyamba yodzipereka, imene sifuna ndalama ngakhale tambala imodzi, ndi kudziletsa. Kutumiza dzina kapena chithunzi cha msilikali amene akuti wafa, akuluakulu ake asanakauze banja, ndi nkhanza ngakhale wotumizayo atalembapo mawu achisoni. Kwathu uthenga wa maliro uli ndi njira yake ndi anthu ake ounyamula, ndipo kubwera kwa foni sikunachotse mwambo umenewu.

Zotsatirazo ndi ntchito zazing'ono zimene sizidzatchulidwa pa wailesi. Mwana akatentha thupi usiku pakufunika munthu wagalimoto kapena wanjinga yamoto amene mayi angamuimbire mopanda manyazi. Denga likasasuka ndi mphepo mu Disembala pakufunika mmisiri. Munda wa makolo a msilikali ukafuna kupalira ndi kubandira, achinyamata a mumpingo akhoza kuumaliza m'mawa umodzi. Ndipo tisaiwale kuti masiku ano kuli asilikali aakazi amene amapita ku ntchito zimenezi atasiya ana aang'ono m'manja mwa bambo kapena agogo. Magulu oti agwire ntchitoyi tili nawo kale: amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, mphakati za Akatolika, magulu a amayi a Chisilamu, mabanki mkhonde. Chosowa n'chakuti magulu amenewa adziwe kuti m'dera lawo muli mabanja angati a asilikali amene ali kunja, n'kuwaika pa ndandanda yoyendera monga amachitira ndi odwala.

Pamene ndikufuna kukhalitsapo ndi pa zimene zimachitika maliro akatha. Maliro a msilikali amakhala aulemu kwambiri: bokosi lokutidwa ndi mbendera, perete, mfuti zowombera m'mwamba, akuluakulu olankhula mawu olimbikitsa ndi kupereka chipepeso. Koma magalimoto akabwerera ndipo nyumba ya siwa ikasesedwa, wamasiye amatsala ndi nkhondo imene sanaphunzitsidwe kumenya. Nyumba ya kukampu ndi ya ntchito, choncho tsiku lina ayenera kusamukamo, ndipo kusamukako kumatanthauza sukulu yatsopano ya ana ndi kutaya anansi amene ankamudziwa. Ndalama za imfa ndi penshoni sizibwera zokha, zimafuna zikalata: chiphaso cha imfa, umboni wa ukwati, ziphaso za ana, makalata a kwa mfumu ndi a kwa DC, nthawi zina mpaka ku ofesi ya Administrator General. Mayi amene sanayendepo m'maofesi, amene ali ndi khanda kumsana ndipo alibe ndalama ya minibasi yopitira kuboma kawirikawiri, amatopa msanga, ndipo akatopa pamapezeka achibale kapena madobadoba odzipereka kumuyendera n'cholinga chodyapo.

Pamwamba pa izi pali kulanda chuma, komwe kumakula kwambiri achibale akamva kuti malemu anali atapita kunja ndipo akuyembekezeka kuti anasiya ndalama zambiri. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo limanena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi lili m'kabati ku Lilongwe silingateteze mayi amene wazunguliridwa ndi alamu ake pa khonde. Chimamuteteza ndi munthu wodziwa lamulolo amene wakhala pambali pake pa tsiku logawa katundu, pamaso pa ankhoswe ndi nyakwawa. Apa ndi pamene ndikuona kuti anthu ophunzira a dziko lino tili ndi ngongole. Loya, wophunzira zamalamulo, kalaliki wopuma amene anagwira ntchito m'boma zaka zambiri ndipo amadziwa kuti fayilo imachoka pa tebulo liti kupita pa liti, aliyense mwa amenewa atati atenge banja limodzi lokha n'kuyenda nalo mpaka ndalama zitatuluka, angachite chinthu chachikulu kuposa matumba 50 a ufa operekedwa tsiku limodzi. Kungomuperekeza wamasiye ku Legal Aid Bureau n'kumuthandiza kufotokoza nkhani yake mwadongosolo ndi thandizo lokwanira kusintha mapeto a mlandu. Ndipo ntchito imeneyi ikanayamba msilikali asananyamuke, pomulimbikitsa kulemba wilo ndi kukonza maina a olandira chuma chake, ngakhale kuti ambirife timaopa kulemba wilo ngati kuti n'kuitana imfa.

Za ana sindichulutsa mawu. Mphunzitsi amene angapatule Loweruka m'mawa kuthandiza mwana wa msilikali womwalira pokonzekera mayeso a sitandade 8 kapena a MSCE akudziwa yekha phindu la ntchitoyo.

Pali bala lina limene sitikonda kulitchula. Msilikali akhoza kubwerera ndi manja ndi miyendo yonse, koma osagona tulo, wodzidzimuka ndi phokoso lililonse, wokwiya msanga, womwa mowa kuposa kale, ndipo woyamba kuzunzika ndi zimenezi ndi mkazi ndi ana. Chifukwa chakuti anaphunzitsidwa kulimba mtima, ndiponso chifukwa cha mwambi wathu uja wakuti mwamuna salira, savomereza msanga kuti akuvutika. Thandizo la akatswiri lilipo ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma munthu amafikako pokhapokha wina amene amamukhulupirira atamugwira dzanja. M'maganizo anga oyenera kwambiri ntchitoyi ndi asilikali opuma, chifukwa msilikali amamasuka kwa mnzake amene anamvapo kulira kwa mfuti kuposa kwa ife amene nkhondo timangoionera pa kanema. Enafe mbali yathu ndi kusaseka, kusatchula munthu kuti wapenga, ndi kuteteza mayi ndi ana ngati m'nyumbamo mwayamba nkhanza, pakuti yunifomu si chifukwa chobisira nkhanza za m'banja.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe pansi pa mawu angawa. Ena ati imeneyi ndi ntchito ya boma, ndipo timakhoma msonkho kuti boma lisamale asilikali ake. Akunena zoona, ndipo wodzipereka wanzeru sasiya kukumbutsa boma ndi aphungu kuti ndalama za amasiye zituluke msanga ndi kuti penshoni igwirizane ndi mitengo ya zinthu. Koma boma silingakhale pa mphasa ndi mayi wolira mwezi wachitatu maliro atatha, ndipo silidziwa kuti mwana wasiya kupita kusukulu mpaka wina wa pafupi atanena. Ena ati asilikali opita kunja amalandira ndalama zambiri, nanga tiwathandize bwanji ife osauka? Ndalama imeneyo imabwera kwa kanthawi, imagawidwa kwa mbumba yonse, ndipo si msilikali aliyense amapita kunja. Komanso zambiri zimene ndatchula pamwambapa si za ndalama ayi, ndi za nthawi ndi luso. Enanso ali ndi mkwiyo chifukwa anaonapo msilikali akumenya munthu wamba. Mkwiyo umenewo ndi womveka ndipo wolakwa ayenera kuyankha mlandu wake, koma sindikuona chifukwa choti mwana wa zaka 7 amene bambo wake anafera ku Beni alipire mlandu wa munthu wina.

Kathandizidwe kake nakonso kali ndi mwambo. Thandizo limene limafika ndi ojambula, nsalu zachipani ndi zolankhula zazitali limatumikira wopereka kuposa wolandira, ndipo pa nkhani ya asilikali n'loopsa kwambiri chifukwa gulu lathu lankhondo limalemekezedwa kaamba kosalowerera ndale, monga tinaonera pa zionetsero za 2019 ndi 2020. Wamasiye asajambulidwe atanyamula thumba la shuga popanda chilolezo chake. Ofuna kuthandiza mabanja a mkati mwa kampu adzere kwa akuluakulu a kampuyo kapena kwa abusa a asilikali, ndipo asamafunse za komwe gulu lili kapena tsiku lonyamuka, chifukwa zimenezo si zathu. Osonkhetsa ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba alengeze zimene zalowa ndi zimene zatuluka, pakuti kusonkhetsa m'dzina la msilikali wakufa n'kudya ndalamazo kumatsekera khomo onse obwera pambuyo. Abale athu a ku Johannesburg ndi ku London amene amafunsa kuti angathandize bwanji angachite bwino kusankha mwana mmodzi n'kulipira fizi yake molunjika kusukulu mpaka amalize, m'malo motumiza ndalama yochuluka kamodzi n'kuiwala.

Asilikali okalamba nawo sali ku Memorial Home ya ku Zomba kokha, kumene anthu amakonda kupita ndi mphatso mu Novembala. Ambiri ali m'midzi yathu, ndipo pakati pawo pali amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndi amene anali nawo pa Operation Bwezani, ntchito yolanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, mu Disembala 1993. Bungwe la asilikali opuma la VELOM lingathe kulozera munthu komwe ena mwa iwo ali, koma ngakhale mfumu ya m'mudzi imawadziwa. Amafuna wowaperekeza kuchipatala, wowathandiza kutsatira penshoni ikaima, ndi wachinyamata wa foni yojambula mawu amene angakhale nawo pansi n'kusunga zimene anaona, ngati iwo eni avomera, chifukwa mbiri ya ku Nacala yalembedwa pang'ono kwambiri ndipo amene anaiona ndi maso akucheperachepera chaka ndi chaka.