Nyenyezi asagulitsidwe chifukwa choti amatha kudumpha

Abale anga, nkhani iyi yandikhala pakhosi sabata yonse, ndiye ndati ndiitulutse pano. Ambiri mukudziwa kuti ndimasamalira mahatchi kuno ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, ndipo ndatha zaka 7 pantchitoyi. M'khola lathu muli mahatchi 6, koma amene wandisowetsa tulo ndi mmodzi, wamkazi, wa zaka 9, wofiirira, wa banga loyera pamphumi. M'mapepala ali ndi dzina lina, ine ndimamutchula Nyenyezi.

Madona anamugulira mwana wawo wamkazi kuti azichita naye mipikisano yodumpha. Mwanayo anapita ku yunivesite, ndipo masiku ano madona amangomukwera Loweruka ndi Lamlungu, kuyenda pang'onopang'ono m'tinjira tamchenga. Mwezi watha kunabwera mphunzitsi wa okwera mahatchi, anaona Nyenyezi akuuluka pamwamba pa mipiringidzo ya mamita 1.30 ngati akudumpha kamtsinje kouma. Munthuyo anagwira pakamwa, kenako anauza madona kuti, “Hatchi imeneyi mukuiwononga.” Mawu amenewo ndi omwe alowa ngati munga. Wogula wapezeka kale, ndalama yatchulidwa, ndipo madona akuyenda ngati munthu wolakwa.

Ine ndikuti asamugulitse. Osati pa chifukwa chimenechi.

Ndimalowa m'khola 5 koloko m'mawa. Choyamba ndimatsitsa dzanja mwendo uliwonse, kuyambira pabondo mpaka pachiboda, kumva ngati patentha kapena patupa. Nthawi yonseyo iye mphuno ili m'thumba la ovolosi yanga kufunafuna karoti. Ndikamutsegulira, sathamangira ku bwalo la mipiringidzo. Amapita pomwe pali dothi lofewa, kugubuduka mbali iyi, kugubuduka mbali inayo, kudzuka n'kudzikutumula, kenako kukaima pambali pa mnzake wokalamba uja yemwe mano anatha. Amakandana pamsana ndi pakamwa. Mnzakeyo ukangomuchotsa mphindi zochepa, Nyenyezi amalira mpaka anthu a pafamu yoyandikana amamva. Zaka zonsezi sindinamuonepo akuyang'ana mipiringidzo ndi mtima wakuti moyo ukundipita. Chikho, riboni yofiira, dzina m'nyuzipepala, zonsezo ndi njala yathu anthufe. Njala yake ndi udzu, madzi, mnzake ndi miyendo yosapweteka.

Musandimve molakwa, mpikisano ndimaukonda. South African Derby, mpikisano waukulu wa mahatchi odumpha, ikamachitika pa Kyalami Equestrian Park sindikhala pakhomo. Hatchi ikamatsika pachulu chachikulu cha m'bwalo la mpikisanowo anthu onse atagwira mpweya, thupi langa limachita tsembwe. Koma ifeyo amene timakhala kuseri timaonanso zina. Timadzuka usiku kuluka manyenje, kukweza mahatchi m'ngolo, kuwaimika tsiku lonse pamalo achilendo, madzulo n'kumakulunga miyendo ndi madzi oundana. Alipo mahatchi amene moyo umenewo amaukonda, amati akamva chimkuzamawu makutu njo! Alipo ena amene amasiya kudya, m'mimba n'kuchita zilonda. Kudumpha kamodzi pakhomo, pamaso pa anthu atatu, sikutiuza kuti Nyenyezi ali mbali iti.

Ndiye taganizani za zaka. Hatchi yosamalidwa bwino imafika zaka 25 kapena 30. Zodumphadumphazi zimatha kale zakazo zisanafike. Ngakhale Valegro, hatchi yoimira Britain pa mpikisano wosadumpha wa dressage, imene inapambana mendulo zagolide za Olimpiki ndi wokwera wake Charlotte Dujardin ku London mu 2012 ndi ku Rio mu 2016, anaipumitsa chaka chomwecho cha 2016 ili ndi zaka 14, mphamvu zikadalipo. Eni ake sanaone kuti akuiwononga. Funso langa kwa wogula aliyense ndi limeneli: mtsempha wa mwendo ukadzang'ambika, mtengo n'kugwa, hatchiyi idzagona kuti? Ndinasamalirapo ina yamphongo imene inagulitsidwa ndi malonjezo okoma. Patapita zaka 4 ndinakaipeza pakhola lina itadutsa m'manja atatu, nthiti zikuwerengeka, ikunyamula ana ophunzira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Inandizindikira mawu. Tsiku limenelo sindinadye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukasaina pepala, ulibenso pakamwa.

Kwathu ku Dedza ndikafotokoza zimenezi amaseka, amati nyama yosalima, yosakoka ngolo, yosadyedwa, mukuisungiranji? Ndimawamvetsa. Bambo anga ankagulitsa ng'ombe fizi ikavuta kapena feteleza akasowa, ndipo palibe anawanena. Koma ndikukumbukanso ng'ombe yawo imodzi yapangolo imene anaikaniza kwa ogula onse mpaka inakalamba, chifukwa ankati inawathandiza kulera ana. Sitiri anthu osadziwa kuti chiweto chimatha kukhala ndi malo mumtima.

Nkhani ya ndalama sindiizemba. Hatchi imadya. Yolemera makilogalamu 500 imamaliza udzu wouma pafupifupi makilogalamu 10 patsiku, kuwonjezera lucerne (msipu wochita kulima) ndi chakudya cha m'matumba. Wosema ziboda ndi kukhoma zitsulo amabwera pakatha masabata 6 alionse. Mano amafunika kupala. Katemera wa African horse sickness, matenda oopsa aja ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, amabayidwa chaka chilichonse pakati pa June ndi October. Ndiye pali kupotokola kwa m'mimba kumene kumabwera pakati pa usiku, dokotala wa ziweto n'kubwera ndi bilu yoti munthu akhale pansi. Madona akanandiuza kuti thumba laperewera, ndikanakhala woyamba kunena kuti gulitsani akadali wonenepa, kwa munthu amene khola lake mwaliona ndi maso. Kusunga hatchi yomwe sungathe kuidyetsa si chikondi. Komanso Nyenyezi akanakhala wa mtundu uja woti akasowa ntchito amayamba kutafuna zitseko ndi kuponda anthu, ndikanavomera kuti akufunika manja ena. Zonse ziwirizi palibe. Chilipo ndi manyazi amene munthu wodutsa anawasiya pakhomo.

Wina anena kuti ndikuteteza ntchito yanga. Akachoka Nyenyezi atsala mahatchi 5, malipiro anga sasintha. Chomwe chisinthe ndi chakuti wokalamba uja adzaima yekha pampanda, ndipo amene adzamumve akulira ndine.

Ngati luso lake likuwawa mtima kuliona litakhala, njira ilipo ndipo anthu kuno amaichita kwambiri: kubwereketsa. Pali atsikana ndi anyamata ambiri okwera bwino amene makolo awo sangakwanitse kugula hatchi yotere. Mmodzi azibwera masiku atatu pasabata, azilipirako zitsulo ndi chakudya, azipita naye ku timipikisano ta pafupi, kuyambira pansi. Nyenyezi azigona m'khola lake lomweli, miyendo ndiziigwira ndine m'mawa uliwonse. Akaonetsa kuti akuzikonda, apitirire. Akayamba kukana kukwera ngolo kapena kusiya chakudya, tidzakhala titamva yankho lake, ndipo wonena kuti basi adzakhala akadali madona.

Wogula akubwera Loweruka ndi dokotala wake kudzajambula miyendo. Nyenyezi ndidzamusambitsa, ndidzapesa mchira, ndidzamuthamangitsa pakonkire kuti dokotalayo amve kagundidwe ka ziboda, chifukwa ndiyo ntchito yanga. Koma Lachisanu madzulo, madona akabwera ndi makaroti monga amachitira, ndidzavula chipewa n'kuwapempha kuti aime nane pampanda kaye, aone awiriwo akukandana pamsana, ndisananene chilichonse.