Chenjezo kwa asodzi, ootcha makala ndi ife tonse ogula

Mwezi wa Novembala chaka chatha ndinapita ku maliro a mlamu wanga kumudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo zimene ndinaona padoko m'mawa titaika maliro ndi zimene zandikakamiza kulemba mawu awa. Anyamata asanu ankakoka khoka losokedwa kuchokera ku maneti a udzudzu, maneti omwe aja amene boma limapereka ulere kuzipatala kuti amayi oyembekezera ndi ana asamadwale malungo. Atalivuulira pamchenga ndinasendera kuti ndione. Munalibe nsomba ngakhale imodzi yoti munthu n'kuigwira ndi manja awiri. Munali kasawala yekhayekha, tiana ta chambo tosafika ngakhale kutalika kwa chala changa chapakati, tosakanikirana ndi ndere, ndipo amayi anali atayamba kale kutiyanika pathandala. Nditafunsa ngati sakudziwa kuti nyanja ndi yotseka, mmodzi wa iwo, mwana woti n'kukhala mdzukulu wanga, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Agogo, nyanja ndi ya Mulungu, nsomba sizingathe."

Ana inu, nsomba zimatha. Ine ndinaziona zikutha ndi maso angawa. Funsani akuluakulu a ku Malombe akuuzeni mmene chambo chinkachulukira m'nyanja imene ija ife tili anyamata, ndi mmene chinasowera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene makoka a maso ang'onoang'ono a nkacha ndi a kambuzi anasesa pansi ponse, kuzula zomera za m'madzi ndi kufafaniza malo oswanirana. Anthu a ku Malombe nawonso ankanena kuti nsomba sizingathe. Lero mwana wobadwira kumeneko amakula akudya kambuzi, chambo amangochimva m'nkhani za agogo ake.

Lamulo lotseka nyanja silinalembedwe pofuna kukuzunzani. Chambo si nsomba yoikira mazira n'kuwasiya. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mwake mpaka ataswa, ndipo ngakhale ataswa chimapitiriza kusamala tianato, n'kukatisiya m'madzi osaya a m'mbali mwa nyanja momwe muli bango ndi udzu. Ndiye chifukwa chake kuyambira mwezi wa Novembala a Dipatimenti ya Usodzi amaletsa makoka okokera kumtunda, kuti nsomba ziswane mwamtendere. Munthu wokoka khoka nyengo imeneyi akagwira chambo chimodzi chokhala ndi mazira m'kamwa ndiye kuti wapha nsomba mazanamazana nthawi imodzi, ndipo wokoka neti ya udzudzu m'bango akukolola chimanga chisanamasule ngaiyaye. Kodi alipo mlimi wanzeru amene amadya mbewu yake mu Disembala n'kumadabwa kuti nkhokwe ilibe kanthu mu Meyi?

Musandiuze kuti izi ndi nzeru za azungu kapena za anthu a m'maofesi. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa ufumu wa a Makanjira, asodzi akhala akutseka okha usodzi nyengo ya mvula kwa zaka makumi ambiri, lamulo la usodzi la 1997 lisanabwere n'komwe. Nthawi yotseka ikakwana aliyense amachoka pachilumbapo, ndipo amabwerera pokhapokha mfumu itatsegula ndi mwambo wake. Mpaka lero kumeneko utaka umagwidwa waukuluukulu. Makomiti a m'madoko amene boma linakhazikitsa anayenera kugwira ntchito mwa mtima womwewo, koma m'madoko ambiri komiti ikalanda khoka losaloledwa masana, usiku womwewo khokalo limabwerera kwa mwini wake chifukwa wapereka kangachepe, kapena chifukwa ndi mphwake wa nyakwawa. Inu a mafumu, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse: mukamaphimba mlandu wa mwana wa mlongo wanu, dziwani kuti mukugulitsa ndiwo za mudzi wanu wonse.

Madzi a m'nyanja yathu ali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndilo mtsinje wa Shire. Amachoka ku Mangochi, amadutsa m'Malombe, amafika pa Liwonde pomwe pali mpanda wowongolera madzi umene unamangidwa mu 1965, kenako amatsikira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe amatembenuza makina a magetsi ochuluka amene dziko lino limadalira, mpaka kukafika kuchigwa cha Chikwawa ndi Nsanje. Chilichonse chimene timachita kumtunda chimakathera mumtsinje umenewu. Aliyense amene wayendapo pamsewu wa Zalewa wawaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo waona njinga zitasenza matumba atatuatatu, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu, kulowera ku Blantyre kusanache. Makala amenewa ndi mitengo ya ku Neno, ku Mwanza ndi ku Balaka, tsanya ndi mitengo ina yachilengedwe imene inatenga zaka zambiri kuti ikule. Phiri likameteka, mvula yoyamba imakokolola dothi lonse n'kulitsitsira mu Shire. Dothilo limakadzaza m'madamu a magetsi, zinyalala ndi namasupuni zimakatseka polowera madzi, ndipo a kampani yopanga magetsi ya EGENCO amakakamizika kuzimitsa makina kuti achotse matope. Magetsi akazima m'tauni, tonse timathamangira kukagula makala ena, ndipo wootcha uja amabwerera kuphiri ndi nkhwangwa yake.

Pano ndikufuna ndilankhule ndi inu a m'tauni, chifukwa mumakonda kuloza chala anthu akumudzi ngati kuti inu mulibe mlandu. Wootcha makala sadya makala. Amaotcha chifukwa pali galimoto yabwino imene imaima pamsewu, mwini wake wovala taye n'kukweza matumba awiri kumbuyo. Wogulayo ndi yemwe uja amalemba pa Facebook kuti boma lalephera kuteteza nkhalango. Chimodzimodzi kasawala uja sathera padoko. Amafika m'misika ya ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo amagulidwa ndi amayi ophunzira amene akudziwa bwino lomwe kuti ndi ana a chambo. Ndikudziwa kuti gasi ndi wodula ndiponso kuti magetsi sanafike m'makomo ambiri, ndipo wosauka amene alibe njira ina yophikira sindikumuweruza. Ndikunena inu amene mungathe kugula gasi, mbaula zosunga moto kapena makala ololedwa ochokera ku mitengo yobzalidwa, koma simutero chifukwa akuti nyemba zimakoma pa makala a tsanya.

Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa chachikulu kapena ndende. Koma lamulo lingagwire bwanji ntchito ngati lole yodzaza makala imadutsa pamalo ofufuzira galimoto usiku popanda woifunsa, pomwe wanjinga wa thumba limodzi ndiye amalandidwa ndi kumenyedwa? Inu amene munalumbira kusunga malamulo, ndalama imene mumalandira mumdima ija ili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi anthu amene simudzawaona nkhope.

Ena a iwo tinawaika m'manda mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira mabanja ali m'tulo, ndipo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi ina inasanduka mabwinja. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe wotchedwa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala mumdima wa maola ambiri patsiku kwa nthawi yoposa chaka. M'mbuyomo kunali Idai mu 2019, ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015 amene anasandutsa Makhanga chilumba. Sindikunena kuti nkhwangwa yathu ndi imene inabweretsa anamondwe, ayi, amenewo amachokera kutali kunyanja ya mchere ya Indian Ocean. Koma mvula ikagwa paphiri la mitengo, mizu imagwira dothi ndipo madzi amatsika pang'onopang'ono, pomwe ikagwa paphiri lometeka lomwe anthu amanga nyumba mpaka pamwamba, phirilo limatsika pamodzi ndi madziwo. Ife amene tinaliona phiri la Ndirande ndi la Soche ali obiriwira timamva kuwawa mumtima tikamawayang'ana lero.

Chondimvetsa chisoni koposa n'chakuti misozi isanaume, anthu ena anabwerera kukaumba njerwa pamalo pomwe paja panakokoloka abale awo. Akafunsidwa amati alibe kwina kopita, ndipo pamenepa boma ndi makhonsolo ali ndi ngongole, pakuti kuuza munthu kuti asamuke popanda kumupatsa malo okhala ndi madzi, sukulu ndi munda n'kumuseka chabe. Malo amenewa aperekedwe msanga, ndipo aperekedwe kwa ovutikawo, osati kwa achibale a ogawa. Komabe pali ena amene analandira malo kumtunda n'kuwagulitsa, kenako n'kubwerera kuchigwa kukadikira thandizo la chaka chamawa. Pali ena amene amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, atasadza bango ndi nsungwi zimene zinkagwira gombe. Ndipo pali ena, ndikuchita manyazi kunena, amene amadula mawaya omangira miyala pa zipupa zotchinga madzi kuti akapangire misampha ndi makola a nkhuku, kapena kuba zipangizo zoyezera kukwera kwa madzi m'mitsinje, zimene zinaikidwa kuti anthu akumunsi azichenjezedwa madzi asanawapeze. Munthu wotere wabowola bwato limene iye mwini ndi ana ake akwera. Madzi akadzasefukira usiku sadzafunsa kuti anaba wayayo ndani.

A zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi akalengeza pa wailesi kuti anthu a m'mbali mwa Shire, Ruo, Mwanza ndi mitsinje ina asamukire kumtunda, chonde samukani tsiku lomwelo. Musadikire kuona madzi pakhomo, ndipo musabwerere kukatenga mbuzi kapena thumba la chimanga madzi atayamba kukwera, chifukwa kubwerera kotere n'kuika moyo pachiswe. Akuluakulu anati wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ife tamva kale kokwanira.

Kwa aphungu ndi akuluakulu a boma pempho langa ndi lakuti muleke kufewetsa malamulo nthawi ya chisankho ikayandikira. Timakuonani mukupita kumadoko kukalonjeza asodzi kuti makoka awo sadzalandidwanso, ndiponso mukuwauza omanga m'mapiri kuti palibe adzawachotse. Alangizi a usodzi ndi a nkhalango apatsidwe mafuta ndi mabwato oti aziyendera, pakuti mlangizi wopanda choyendera sangalondere nyanja ali pansi pa mtengo. Asodzi ang'onoang'ono athandizidwe kupeza chochita miyezi yotseka, kaya ulimi wamthirira kaya maiwe a nsomba, ndipo mabwato akuluakulu a injini amene amalowa m'madzi osaya usiku alangidwe mofanana ndi mwana wa bwato la mtengo.

Anyamata a padoko paja ndinakhala nawo pansi mpaka dzuwa litakwera. Mmodzi anandiuza kuti netiyo inali ya mkazi wake, ndipo mwana wawo wa miyezi isanu ndi itatu akugona popanda chomuteteza ku udzudzu. Ndinapita kwa a nyakwawa tsiku lomwelo ndisanakwere basi, ndipo ndinawauza kuti Novembala wa chaka chino ndidzabweranso, ndidzafikira padoko ndisanalowe m'nyumba ya aliyense.