Chotafuna chosatha ndicho chimathyola mano a galu

Anzanga oweta agalu, pali kaganizidwe kena kamene ndimakamva kawirikawiri ndipo sindigwirizana nako. Munthu akamasankhira galu wake chotafuna, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi chimenechi chikhalitsa?" Akapeza chinthu choti galu wachikukuta mwezi wathunthu osachitha, amanyadira kuti wagula chenicheni. Ine ndimati chinthu chimene galu akulimbana nacho tsiku ndi tsiku koma osanyenyeka olo pang'ono, ndiye kuti n'cholimba kuposa mano ake. Chimene chidzayambe kugonja pamenepo ndi dzino.

Galu wamkulu ali ndi mano 42. Kuwaona amaopsa, koma chikuto choyera cha pamwamba pa dzino la galu n'chopyapyala kuposa cha dzino la munthu, pomwe nsagwada zake zili ndi mphamvu zoposa zathu. Tamuyang'anitsitsani akapeza chinthu cholimba. Sachiluma ndi mano a kutsogolo ayi. Amachipanikiza ndi miyendo, n'kupendeketsa mutu, n'kuchikankhira kumbuyo kwa kamwa kumene kuli dzino lalikulu la m'mwamba lija, limene limadula nyama ngati sizasi. Limenelo ndilo limakonda kuthyoka. Nthawi zambiri limangobenthuka mbali ya kutsaya, ndipo likabenthuka mozama mtsempha wa m'kati umatsala poyera.

Chovuta n'chakuti galu sadandaula. Amadyabe, amagwedezabe mchira, inu n'kumati zonse zili bwino. Mwina amangoyamba kutafunira mbali imodzi, kapena kupewa mukafuna kumugwira kumaso. Pakapita nthawi patuluka chotupa m'munsi mwa diso, n'kuphulika mafinya. Ambiri amati walumidwa ndi mnzake, amatsuka balalo, limapola, kenako limabweranso pomwepo. Chimachititsa n'chakuti mizu ya dzino lija imakafika m'munsi mwa diso, ndipo yaola. Pamenepo palibenso kuchitira mwina, dokotala wa ziweto ayenera kumugoneka galuyo tulo, n'kuzula dzinolo kapena kulikonza m'kati.

N'chifukwa chake nyanga, ziboda, mafupa a miyendo ya ng'ombe ndi zidole za nayiloni zouma gwa ine sindipatsa galu. Madokotala a mano a ziweto ali ndi njira yoyesera yosafuna chida chilichonse. Dinani chinthucho ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Chikapanda kudindika, n'cholimba mopitirira. Kapena dzifunseni ngati mungalole kuti wina akugogodeni nacho pa bondo. Ngati mwanyinyirika, galu wanunso asachilume.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba kuti galu ndi fupa sizisiyana, ndipo achibale ake a kutchire amadya mafupa popanda dokotala. Zoona amadya. Koma mimbulu ya kutchire imapezekanso ndi mano othyoka, kungoti palibe amene amaitsegula kukamwa madzulo aliwonse. Ndipo fupa limene anthu ambiri amaponyera galu si laliwisi, ndi lotsala m'mbale. Fupa likaphikidwa kapena kuwotchedwa limauma, ndipo galu akaliluma limang'ambika tizidutswa tosongoka. Timeneto timabaya nkhama, timakodwa kummero, timatha kuboola matumbo. La nkhuku ndiye losayesa n'komwe.

Musaganize kuti ogulitsidwa m'mapaketi okongola ndiye abwino. Mu 2017 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za mafupa oumitsa ndi oyanika pa utsi ogulitsidwa ngati zotafuna za agalu, litalandira madandaulo okhudza agalu pafupifupi 90, ndipo 15 mwa iwo anafa. Palinso fupa lodulidwa mozungulira, la bowo pakati. Galu pofunafuna mafuta a m'kati amalowetsa nsagwada ya m'munsi m'bowolo, fupa n'kukakamira kuseri kwa mano osongoka aja, osatulukanso mpaka dokotala alicheke. Laliwisi silinyenyeka ngati lophika, ndikuvomera, koma limathyolabe mano, limanyamula tizilombo toyambitsa matenda, ndipo galu akalidya kwambiri amadzimbidwa, chimbudzi n'kumatuluka choyera ndi chouma movutikira.

Zikopa zouma zopindapinda zija ndimazikayikira pa chifukwa china. Sizithyola mano kwenikweni, koma zikanyowa ndi malovu zimafewa n'kuterera, ndipo galu wadyera amameza chibenthu chachikulu chonse. Chikafika m'mimba chimachedwa kugayika, mwinanso kutseka njira. Apa m'pamene ndimati musanayang'ane zolembedwa pa paketi, yang'anani galu wanu. Alipo agalu ofatsa amene amanyambita n'kumakukuta pang'onopang'ono mpaka tulo. Aliponso ena oti mukangotembenuka, chinthu chalowa kale. Galu wa mtundu wachiwiriyu chikopa sichimuyenera. Ndipo kwa galu aliyense, chotafuna chizikhala chachikulu moti sangachilowetse chonse m'kamwa.

Makutu a nkhumba oumitsa agalu amawakonda kwabasi, koma ali ndi mafuta ochuluka, ndipo vuto lake limatha kukufikani inu eni ake. Mu 2019 anthu oposa 150 ku America anadwala ndi Salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba, kochokera ku makutu oterewa, mpaka akuluakulu a zaumoyo anauza anthu kuti ayambe aleka kugula. Chotafuna chilichonse chochokera ku nyama mukachigwira, sambani m'manja ndi sopo, ndipo chisamagone pansi pamene mwana amakwawa.

Nanga tiwapatse chiyani, poti galu wosatafuna kanthu amayamba nsapato ndi miyendo ya mipando? Ine ndimakonda chidole cha mphira wochindikala koma wopindika, cha bowo m'kati. Mumaikamo chakudya chake chomwecho chonyowetsa, n'kuchiika mufiriji kuti chigwire, ndipo galu amatanganidwa nacho nthawi yaitali dzino osaphwanyika. Mphirayo akayamba kung'ambika, tayani. Ziliponso zotafuna zopangidwira kutsuka mano, zimene zimapindika ndipo zimagayika. Mapaketi ambiri amadzitama kuti amayeretsa mano, koma chimene ndimayang'ana ndi chidindo cha VOHC, bungwe limene limaunika kaye umboni woti chinthucho chimachepetsadi litsiro la m'mano. Ngakhale zimenezo sizifika pa mswachi. Karoti wamkulu waiwisi nayenso amathandiza, makamaka kwa galu wonenepa.

Ngati mumapaka chiponde m'chidole, werengani kaye zosakaniza zake. Mukaona mawu oti xylitol, chisayandikire galu. Ndi chotsekemeretsa chimene chimapezekanso m'chingamu ndi m'mankhwala ena otsukira mano a anthu. Kwa ife sichivuta, koma kwa galu chimagwetsa shuga wa m'magazi mwadzidzidzi ndipo chimatha kuwononga chiwindi. Musaiwalenso kuti zotafuna zodyedwa ndi chakudya ndithu. Zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene galu amadya pa tsiku.

Mwana wa galu ndiye wofunika kumumvera chisoni. Amakhala ndi mano 28 a ubwana, ang'onoang'ono ndi osachedwa kuthyoka, ndipo amayamba kuguluka ali ndi miyezi ngati 4. Pofika miyezi 6 kapena 7 achikulire amakhala atamera. Nthawi imeneyi nkhama zimamunyerenyetsa, ndiye amaluma chilichonse. Mpatseni mphira wofewa woziziritsa, osati fupa.

Chinthu chimene sindinyengerera n'chakuti galu asatsale yekha ndi chotafuna chimene angachidule. Ngozi yambiri imabwera kumapeto, chikatsala kachidutswa kokwana kumeza. Musachilande mwankhondo, chifukwa galu akaona dzanja likubwera amameza msangamsanga kuti musamulande. Muonetseni kanthu kena kokoma, alavule yekha, inu n'kutola.

Zikachitika kuti wameza, kaya ndi chibenthu cha chikopa, chitsononkho kapena chidutswa cha chidole, musadikire kuti muone mawa. Galu akamasanza mobwerezabwereza, akukana chakudya, akutuluka dovu, akudzikanda pakamwa, akukanika kuchita chimbudzi kapena chikutuluka ndi magazi, thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mutenge chotsala cha chinthucho kuti akaone. Musamusanzitse nokha, poti chinthu chosongoka chimavulazanso pobwerera. Ngati anameza ulusi wa chidole cha chingwe ndipo nsonga yake ikuonekera kumbuyo, musaukoke. Mbali inayo ikhoza kukhala itakodwa m'kati, ndipo mukakoka ulusiwo umacheka matumbo.